Katochi ka Pakhosi pa Msewu wa ku Chikwa

Foni inalira ndili kudimba, ndikuthirira repu. Anali mkamwini wanga, a Goma.

"Amai, Misozi wachira. Mwana wamkazi."

Ndinaimba nthungululu ndekhandekha pakati pa ndiwo, mpaka amayi a dimba loyandikana nalo anabwera akuthamanga. Misozi ndi mwana wanga woyamba. Ndi mphunzitsi, ndipo boma linamutumiza ku Chikwa, m'boma la Chama, kumene anakapezanso banja. Ine kwathu ndi kufupi ndi Chipata, ndipo kuchigwa cha Luangwa ndinali ndisanapondeko. Zomwe ndinkadziwa za kumeneko ndi zomwe anthu amakamba: njovu zogwetsa nkhokwe, mikango, ndi kutentha kosagonetsa munthu.

Asanadule foni, a Goma anawonjezera mawu. "Pobwera mugule tochi yaing'ono yoyenda nayo. Kuno malaiti kulibe. Ya pa foni musaidalire, foni ikazima ndiye kuti mwataya zonse ziwiri."

"Yoyenda nayo mpaka kuti, apongozi?"

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunandikhazike mtima pansi. "Paliponse, amai. Kuno sitiponda pomwe sitinaone."

Ndinanyamuka mvula yoyamba itangogwa. M'chikwama chachikulu ndinalongedza matewera, zitenje, nsinjiro, ndi bulangete la mwana. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lundazi sikunavute, kupatula maenje a mumsewu ndi kondakitala amene anandilipiritsa chikwamacho ngati nachonso ndi munthu wokhala pampando.

Ku Lundazi ndiko kunayambira kudikira. Kabasi ka ku Chama kanali kataima pansi pa mtengo, injini ili chete, m'kati muli anthu ochepa. Ndikafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji, yankho linali limodzi: "Manje manje, amai." Dzuwa linakwera, nthochi zanga zinatha, basi sinasunthe.

Pampando woyandikana nane panali mayi wina wamfupi, wolankhula mofulumira, dzina lake mayi Tembo. Anali namwino, ndipo ankabwerera kuntchito kwake kumbali ya Kambombo. Nditawauza za tochi, anaimirira pomwepo.

"Tiyeni. Basi iyi siyenda manje. Mukapita nokha akugulitsani chidole."

Wogulitsa anali atayala katundu wake pathebulo pafupi ndi msika. Ine maso anga anathamangira pa tochi yaikulu yofiira, ya chogwirira, yokhala ndi wailesi yomwe. Ndinaganiza kuti chilombo chikaona kuwala kwa imeneyo chithawa.

"Iyo ndiye yeniyeni," anatero wogulitsa. "Iwala mpaka kutsidya kwa mtsinje."

Mayi Tembo anandilanda, naibweza pathebulo. "Mudzapita nayo kutchalitchi iyi? Kumsika? Tsiku limene mudzaifune idzakhala ili kunyumba pawindo."

Anayamba kusankha ngati akusankha nyemba. Ina yaing'ono yotchaja pamagetsi anaikana, ati kumene ndikupitako motchajira mulibe, ndipo sola ya pasukulu imalimbiranidwa ndi mafoni a mudzi wonse. Ina inali yoti ukadina imawala, ukadinanso imaphethira ngati ya ambulansi, ukadinanso imachita zina. Imeneyonso anaiponya pambali. "Munthu ukachita mantha chala chimangodina kamodzi. Sufuna zosewera." Potsiriza anatola kachitsulo kakuda, kotalika ngati chala changa chapakati, kodinira kumbuyo, kolowa batire limodzi lopezeka m'kantini iliyonse. Anakayatsa, nakagogoda pachikhatho kuti aone ngati kathima. Anakatsegula kumbuyo n'kundionetsa kamphira kotchinga madzi. Popeza kunja kunali dzuwa, analowetsa dzanja m'chikwama chawo, nandiuza kuti ndisuzumire. M'kati munali mbee, ngakhale singano ukanaiona.

Ndinagula kameneko mtima usakufuna. Kanandichepera. Ndinakaponya m'chikwama chachikulu pakati pa matewera, ndi kudandaula chamumtima za yofiira ija.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Phula linatha msanga, kunatsala msewu wa miyala ndi matope. Pena basi inkatsetsereka chammbali, amayi n'kumaitana dzina la Yesu. Tili pakati pa tchire, kunsi kunamveka kulira kwa chitsulo, basi n'kukhala pansi mbali imodzi. Sipuling'i inali itathyoka. Tinatsika tonse. Dalaivala ndi kondakitala anadula mtengo, naumangirira kunsiko ndi malamba a mphira, ife titakhala m'mbali mwa msewu tikupirikitsa ntchentche.

Pamenepo bambo wina wovala jekete anaona kuti ndine mlendo, nayamba kundisimbira za njovu imene inathamangitsa wanjinga, ndi ya mayi amene ng'ona inamukoka akuchapa. Ankakamba mokondwa, akusenda mango. Mayi Tembo anamudzudzula kuti asiye kuopseza alendo, koma sanatsutse kuti ndi bodza, ndipo zimenezo ndinaziona.

Tinalowa m'Chama kutada kale. Mayi Tembo sanalole kuti ndikafune malo ogona ndekha, ananditengera kwa mlongo wawo amene amagwira ntchito paboma. Pofuna kutuluka panja ndisanagone, ndinapisa m'chikwama kufuna katochi kaja. Ndinakapeza kofunda, kakungotulutsa kuwala kofiirira ngati khala lozima. Kanali katadinikizika ndi katundu, n'kuyaka kokha njira yonse, kuunikira matewera.

"Ndinaiwala kukuuzani," anatero mayi Tembo. "Aka si ka m'chikwama. Ndi ka pathupi."

Anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chakale, nakapota, nakalowetsa pa kabowo ka kumbuyo kwa tochi. M'mawa tinagula mabatire kumsika, limodzi m'tochi, lina ndinalimanga pansonga ya chitenje. Katochi ndinakakoleka m'khosi, m'kati mwa bulauzi. Tinatsanzikana pomwepo, iwo kulowera kwawo ku Kambombo, ine kukafuna galimoto ya ku Chikwa.

Basi kunalibe. Kunali lole yaing'ono imene inkapakira feteleza, malata, mchere ndi zigubu za mafuta ophikira. Anthu tinakwera pamwamba pa katunduyo. Ndinapeza malo pa thumba la feteleza, msana nditatsamira chikwama changa. Pafupi nane panakhala mayi wachitsikana wa Chisenga, amene anzake ankamutchula kuti NyaZimba, ali ndi kamtsikana kongoyamba kuyenda kumene. Ankachokera kuchipatala kukatenga mankhwala a mwanayo. Moyang'anana nafe panali mkulu wina woonda, wa imvi, a Kumwenda, mlimi wa ku Chikwa komweko. Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi chawo, koma tinkamvana.

Tinachoka masana dzuwa lili paliwombo. Kutentha kwake kunali kwa mtundu wina, kokhala ngati wina wakufunditsa bulangete lonyowa. Midzi inayamba kutalikirana. Pamalo ena a Kumwenda anandilozera ndowe zazikulu pakati pa msewu ndi nthambi zokhadzuka kumene. Ndinagwira pachifuwa pomwe panali katochi, ngati kuti kangandithandize chiyani pamaso pa njovu.

Pamudzi wina lole inaima kuti ipakire mitolo ya udzu wofolerera nyumba. Mitoloyo inali itaunjikidwa pansi pa mtengo, ndipo pooneka inali itakhalapo nthawi, chifukwa yapansi inali yakuda ndi chinyezi. Mwini wake, bambo wamtali, anati denga lake likudontha. Anaiponya m'lole mofulumira, ina n'kuikankhira kumapazi kwathu, chifukwa kumwamba kunali kutayamba kuda, kenako nayenso anakwera.

Mvula inatipeza tisanapite patali. Inabwera ndi mphepo, madontho ake owawa ngati miyala. Kondakitala anakoka tenti yaikulu yakuda, natifunditsa tonse pamodzi ndi katundu, namanga zingwe m'mbali. M'kati munada bii, ngakhale kuti kunja kunali kukadali masana. Munkanunkha feteleza, thukuta ndi udzu wovunda. Tinayenda choncho, tikugundana mitu, mpaka lole inaima, injini n'kuzima.

"Kamtsinje kadzaza," dalaivala anafuula kuchokera kutsogolo. "Tiyembekeza madzi atsike."

Tinakhala. Mvula inkaomba tenti ngati ng'oma. Ena anayamba kuwodzera. Kamwana ka NyaZimba kanagona pamiyendo pa mayi wake, kamutu katatsamira mkono wanga.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndinangomva zala zikundikanikiza pabondo, zolimba ngati mbano.

"Amama," NyaZimba ananong'ona. Mawu ake anali ouma. "Pali chinthu pa mwendo wane. Chikuyenda."

"Si udzu?"

"Yayi. N'chozizira. N'cholemera."

Ndinalowetsa dzanja m'bulauzi pang'onopang'ono, ndinatulutsa katochi, ndinalozetsa pansi, n'kudina.

Poyamba ndinaona zala za kumapazi kwake, ndi patapata wobiriwira. Kenako ndinaona chimene ndinkayesa chitenje chamawangamawanga chitagwera pa akakolo. Chinapuma. Chinali chonenepa ngati mkono wa mwamuna, chachifupi, mutu wake waphanthiphanthi utagona pa fupa la mwendo wa NyaZimba, mchira ukadali m'mtolo wa udzu. Mphiri. Kwathu ndinaionapo itaphedwa kale, ana akuikoka ndi ndodo. Yamoyo, pafupi chotero, ndinali ndisanaione.

Mayi wina kumbuyo anayamba kukuwa, koma mawu a a Kumwenda anamudula. Sanakweze mawu.

"Chete. Chipiri icho. Aliyense akhale momwe alili. Mwana wanga, usasunthe mwendo, ngakhale chala. Amama a tochi, musachotse, ndipo musachiunike m'maso. Unikani pambali pang'ono."

Ndinasuntha kuwalako pang'ono. Kunkavina pa matumba. Ndinagwira tochi ndi manja onse awiri, zigongono n'kuzikanikiza pamaondo.

Bambo wa udzu uja anati tichotse tenti. A Kumwenda anakana. Pamwamba pa tenti panali patadikha madzi ambiri, ndipo akanakhuthukira pa njokayo, ikanaluma chomwe chili pafupi. M'malo mwake anauza amene anali kumapeto kuti amasule chingwe chimodzi, atuluke mmodzimmodzi ngati akuba, ndipo wina akauze kondakitala abweretse fosholo yokumbira matope. Ndinkamva anthu akutsika, lole ikugwedezeka pang'ono aliyense akatsika, ndipo ikagwedezeka njoka inkafufuma, n'kutulutsa mpweya ngati tayala lobooka. NyaZimba anali atatseka maso. M'masaya misozi inkatsika, koma thupi lake linali ngati mtengo.

Ndiye mwana anadzuka.

Anayamba kulira chifukwa cha kutentha, akudziwongola, timiyendo take tikupalasa. Kaphazi kamodzi kanalendewera m'munsi mwa bondo la mayi wake. Ankafuna kutsika. Mayi wake anamugwira ndi dzanja limodzi, koma akalimbana naye mwendo ukanagwedezeka.

"Mutoleni mwana," NyaZimba anatero mano ali okukuta. "Amama, mutoleni mwana wane."

Panalibe wina woti amufikire koma ine, ndipo manja anga onse anali pa tochi. Woti ndimupatsire panalibe, a Kumwenda anali kutsidya kwa njoka. Ndinaika katochi m'kamwa, ndinakaluma ndi mano, mutu n'kuuweramitsa kuti kuwala kusachoke pamalo pake. Chitsulo chinkagogoda mano anga. Ndinatambasula manja osayang'ana, ndinapeza m'khwapa mwa mwana, ndinamukweza m'mwamba, m'mwamba ndithu mpaka mutu wake unakhudza tenti, kuti timiyendo tisadutse pafupi. Anandimenya pachipumi ndi kaphazi. Kuwala kunagwedezeka, njoka inadzutsa mutu. Ndinaima momwemo, mwana ali m'malere, mikono ikuwotcha, malovu akutsikira pachibwano, mpaka mutu uja unagonanso. Pamenepo ndinamupereka chakumbuyo, ndipo manja a munthu amene sindinamuone anamulandira, natuluka naye kumvula.

Fosholo inalowa chokwawa pansi pa tenti. A Kumwenda anailandira, naiyendetsa pang'onopang'ono pamwamba pa matumba, ngati munthu wopala moto. Ankalankhula motsitsa ndi NyaZimba m'Chisenga, ndipo ndinangotolapo kuti akanena, akoke mwendo kamodzi kokha. Anatsitsa chitsulo cha fosholo mpaka chinagona pa mwendo, kutsogolo kwa mutu wa njoka. Kenako anachilowetsa pansi pa khosi lake.

"Sono!"

Zinachitikira pamodzi. NyaZimba anadzikokera kumbuyo nagwera pa ine, katochi kanagwa m'kamwa n'kulendewera pa kansalu kake, ndipo mumdimamo ndinamva kuti kho! pa chitsulo. Ndinafufuza pachifuwa, ndinakagwira, ndinaunikanso. A Kumwenda anali atapanikiza njoka ija pa thumba la mchere ndi fosholo, thupi lake likudzipinda ndi kumenya malata. Amuna anakoka tenti, madzi anakhuthuka, kuwala kwa kunja kunalowa. Anaimalizira pansi, mumsewu.

Ndinayesa kuti zatha. Koma NyaZimba anagwira mwendo wake, akulira kuti ukuwotcha. Pa akakolo panali magazi.

Kutsogolo kunali mtsinje wodzaza, kumbuyo matope amene tinadutsa movutikira, ndipo foni iliyonse inalibe netiweki. Tinamukhazika m'mbali mwa lole, amayi awiri atagwira chitenje pamwamba pake kutchinga mvula. Kumwamba kunali kwakuda, ndipo pansi pa chitenjecho sipankaoneka bwino. Ndinagwada m'matope, ndinatsuka mwendowo ndi madzi akumwa a m'botolo langa, ndinayandikiza tochi. Ndinkafuna timabowo tiwiri ta mano a njoka. Ndinayang'ana kutsogolo, kumbuyo, pakati pa zala. Ndinapeza mzere umodzi wautali, wosaya, wochokera pa kakolo kukwera m'mwamba.

"Lata ilo," anatero kondakitala. "Wadzicheka pokoka mwendo."

"Kapena dzino lakwalula," anatero wina.

A Kumwenda anagwada pambali panga, nayang'anitsitsa. "Sindinganame kuti ndikudziwa. Chikakhala chipiri, mwendo utupa madzi awa asanatsike. Tiyembekeze."

Kudikira kumeneko kunaposa kwa ku Lundazi, kunaposa kwa sipuling'i. NyaZimba anayamwitsa mwana wake. Ine ndinkati ndikakhala pang'ono, n'kugwadanso, kuyatsa, kuyerekeza mwendo wovulalawo ndi unzake. Pena ndinkaona ngati watupa, mtima n'kugwa. Ndikafunsa ngati ululu ukukwera, ankati sakudziwa, thupi lonse likumuwawa. Mayi amene anakuwa uja anayambitsa pemphero, tonse tinavomera.

Amuna sanakhale. Anatsitsa mitolo yonse ya udzu, naimasula umodziumodzi ndi ndodo. Mwini wake anadandaula kuti unyowa, koma iwo anapitiriza. Anabwereka katochi kanga kuti aunike m'mipata ya matumba ndi pansi pa malata, ndipo nthawi yonse imene kanali m'manja mwa ena ndinkangoona ngati china chikundikwawa kumapazi.

Mvula inakata. Madzi anayamba kutsika, miyala ya pamadoko inaonekera. Ndinaunikanso kotsiriza. Magazi anali atauma, akakolo onse awiri anali ofanana. A Kumwenda anakanikiza ndi chala mozungulira bala, NyaZimba sanakuwe.

"Lata," anatero mkuluyo, naimirira.

NyaZimba anaseka, kuseka kunasanduka kulira, ndipo ine ndinakhala pansi m'matope momwemo.

Tinawoloka dzuwa litalowa. Udzu tinausiya kutsidya, mwini wake anati adzautenga tsiku lina. Palibe amene analola kufundanso tenti, ndipo aliyense anakhala atakweza mapazi. NyaZimba anatsikira panjira, pamalo pomwe kanjira kamalowa m'maudzu kupita kumudzi kwawo. Anabereka mwana, naima m'mphepete mwa msewu, osaponda.

"Adalaivala, dikirani pang'ono," ndinatero.

Ndinaimirira pamwamba pa matumba, ndinaunika kanjirako patsogolo pake. Anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi, mpaka kuwala kwanga kunalephera kumufika. Tinamva agalu, kenako mawu a mwamuna akumuitana, kenako mawu ake ali patali: "Yewo, amama! Tafika!"

Ku Chikwa a Goma anali akudikira pamsewu ndi njinga. Anamangirira chikwama changa pakaliyala, tinayenda wapansi mpaka kunyumba za aphunzitsi. Misozi anatuluka pakhomo atafukata mwana, akuseka, akundifunsa kuti ndayenda bwanji, nanga matope onsewa ndawatenga kuti. A Goma anamasula chikwama kuti alowe nacho.

"Apongozi, imani. Chisalowe."

Anandiyang'ana modabwa. Chikwamacho chinali chitakhala nthawi yaitali pafupi ndi udzu uja, ndipo zipi yake siitsekeka mpaka kumapeto. Ndinawauza kuti achikhuthulire pabwalo. Ndinagwada, ndinayatsa tochi, ndinayamba kukutumula thewera lililonse, chitenje chilichonse, bulangete la mwana mbali zonse ziwiri, mpaka ndinatembenuza chikwama chopanda kanthu n'kuchigogoda pansi.

"Amama, n'chiyani kodi?" anafunsa Misozi, kuseka kutatha.

"Ndikuuza mawa," ndinatero. "Manje ndipatse madzi ndisambe m'manja, undipatse mdzukulu wanga. Koma uyambe wandikhazika pansi, ndingamugwetse."